Tulipi, dalia kapena giladiolasi: duwa lamakedzana liti lingakhalitse pakhomo panu?

Maluwa atatu amakedzanawa kawirikawiri safesedwa. Mukatenga njere za dalia wa 'Bishop of Llandaff' n'kuzibzala, zidzamera ndithu, koma chotuluka chidzakhala china. Mtundu weniweniwo umapitirira mukagawa chimene chili pansi pa nthaka, ndipo wafika kwa ife chifukwa alimi akhala akukumba, kusunga ndi kugawana chaka ndi chaka. Choncho poyerekeza mitundu itatuyi, funso lalikulu ndi lakuti: mudzatha kuisunga mpaka nyengo ina?

Tulipi ndiye amakopa anthu ambiri. 'Keizerskroon', wofiira wokhala ndi mphepete zachikasu, wakhala akulimidwa kuyambira mu 1750, ndipo munda wa Hortus Bulborum ku Limmen, m'dziko la Netherlands, umasunga mitundu yakale yotere. Mutu wa tulipi uli ngati anyezi, ndipo duwa limakhala litapangika kale m'kati. Kuti lituluke, mutuwo umafuna kuzizidwa masabata 12 mpaka 16 pansi pa madigiri 9. Amene muli ku Britain, nthaka imakuchitirani yokha ntchitoyi: bzalani mu Novembala, masentimita 15 pansi, nsonga kumwamba. Ku Lilongwe kapena ku Chipata kuzizira koteroko kulibe. Mutha kuika mituyo m'firiji m'thumba la pepala, kutali ndi maapulo ndi nthochi zakupsa chifukwa mpweya wa zipatsozi umapha duwa lam'kati. Ngakhale mutatero, kukatentha masamba amauma msanga, mutu umagawika kukhala tianyezi tating'ono tosabala duwa, ndipo chaka chamawa mumagulanso. Mizere yokongola ya pamaluwa a tulipi imene inapengetsa anthu a ku Netherlands mpaka msika unagwa mu 1637 inali matenda a vairasi ofalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba, ndipo matendawo amafooketsa mutu. Tulipi wotere musamuyandikize kwa anzake.

Dalia anachokera ku mapiri a ku Mexico, komwe mvula imagwa nyengo yotentha, n'chifukwa chake amakondwa ku Dedza, ku Zomba ndi ku Mzuzu. 'Bishop of Llandaff', amene Fred Treseder wa ku Cardiff anamutulutsa mu 1924, ali ndi masamba oderako pafupifupi akuda, maluwa ofiira ngati magazi, ndipo amatalika pafupifupi mita imodzi. Pansi amabereka ngati mbatata, koma apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Mbatata ya kholowa imaphuka paliponse. Ya dalia ili ndi maso pakhosi pokha, pomwe imalumikizana ndi tsinde lakale. Ikathyoka khosi, yatha ntchito, ngakhale ikhale yonenepa bwanji. Pogawa, gwiritsani mpeni wakuthwa, chidutswa chilichonse chikhale ndi kachigawo ka tsinde ndi diso limodzi kapena awiri, ndipo pukutani mpeniwo ndi jiki musanapite pa phata lina kuti musafalitse vairasi.

Bzalani mvula ikamayamba, chogoneka, masentimita 10 mpaka 15 pansi, motalikirana masentimita 60. Khomani mtengo wochirikiza tsiku lomwelo, chifukwa mukadzakhoma pambuyo mudzabaya mbatata. Padothi lamakande kwezani mzere, popeza madzi akakhazikika mbatata isanaphuke imawola. Manyowa owolerana bwino ndi okwanira. Feteleza wa yureya akachuluka mumapeza masamba okhaokha. Nkhono zimatha mphukira zanthete usiku umodzi. Masamba akauma cha mu Meyi kapena Juni, dulani tsinde kusiya masentimita 10, kumbani, yanikani pamthunzi masiku angapo tsinde litaloza pansi kuti madzi atuluke, kenako sungani mumchenga wouma. Utuchi umaitana chiswe. Phata limodzi limapereka zidutswa zingapo, zokwanira inu ndi aneba.

Giladiolasi ndiye wosavuta kusunga pa onse. Gladiolus dalenii, wa maluwa a mtundu wa lalanje ndi chikasu, amamera yekha m'madambo ndi m'mapiri a kuno, ndipo ndi mmodzi mwa makolo a mitundu imene anthu a ku Ulaya anapanga m'zaka za m'ma 1800. Mutu wake ndi wolimba ngati wa koko. Chaka chilichonse watsopano umamera pamwamba pa wakale. Mukakumba, chotsani wakale wofotawo, apo ayi umawoletsa watsopano. Tiana tam'mbali timabala duwa pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Bzalani masentimita 12 pansi kuti asagwe ndi mphepo. Chofooka chake n'chakuti phesi limodzi limatha m'masabata awiri, pomwe dalia amamasula miyezi ingapo mukamadula maluwa ofota. Bzalani pang'onopang'ono, masabata awiri alionse. Mituyo gulani kapena pemphani kwa olima, musakakumbe kutchire.

Kwa wolima kuno amene akuyamba kumene, dalia ndiye woyambira, giladiolasi n'kumuika kuseri kwake. Tulipi asiyireni amene ali kozizira.