Stent kapena bypass, mitsempha ya mtima ikatsekeka

Stent ndi kachubu kachitsulo komwe amakalowetsa kudzera pamkono kuti katsegule mtsempha. Bypass ndi opaleshoni yong'amba chifuwa, n'kulambalalitsa magazi ndi mtsempha wotengedwa kumwendo kapena m'chifuwa momwemo.

Kuchipatala: stent tsiku limodzi kapena awiri, bypass pafupifupi sabata.
Mtengo: bypass imadula poyambirira.
Kulimba: wa stent amabwereranso kukatsegulitsa kawirikawiri kuposa wa bypass.

Kafukufuku wa ASCERT wa 2012 ku America anawunika mafaelo a odwala azaka 65 kupita m'tsogolo. Patatha zaka 4, omwalira anali 16.4% kwa a bypass, 20.8% kwa a stent. Manambalawa muwawerenge mosamala ndithu, chifukwa odwala sanagawidwe mwa maere, ndipo wofooka kale madokotala amamupewetsa mpeni.

Bypass imayenera wodwala shuga yemwe mitsempha ingapo yatsekeka. Stent imayenera mtsempha umodzi, kapena wotsekeka mwadzidzidzi.