Chipatala cha ku Tete chimene chinazindikira matenda a Cushing a achemwali anga

Kwa zaka ziwiri achemwali anga a ku Ulónguè, tauni ya ku Mozambique, ankanenepa kumaso, pamimba ndi kumbuyo kwa khosi pamene miyendo inkaonda, ndipo pakhungu panatuluka mizere yofiirira; ife tinkangoti ndi shuga basi. Titawoloka mlatho wa Samora Machel n'kufika pa chipatala china cholipira mu mzinda wa Tete, adokotala sanathamangire kulemba mankhwala. Anafunsa modekha za mapiritsi onse amene achemwali ankamwa, mpaka zinadziwika kuti ankadzigulira okha prednisolone pofuna kuziziritsa mawondo.

Anatifotokozera kuti matenda a Cushing amabwera thupi likakhala nthawi yaitali ndi cortisol wochuluka, homoni yopangidwa ndi tiziwalo tapamwamba pa impso, ndipo mankhwala amtunduwu amagwira ntchito ngati homoniyo. Chimene ndinayamikira kwambiri n'chakuti analetsa kusiya mapiritsiwo mwadzidzidzi, chifukwa tiziwaloto timakhala titaleka kugwira bwino ntchito, choncho anawalembera ndondomeko yochepetsa pang'onopang'ono, akuyezanso shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Chondidandaulitsa n'chakuti mapepala onse anali m'Chipwitikizi, moti pakadapanda namwino wina wolankhula Chichewa, achemwali sakanamva malangizowo.