Patatha miyezi 10 chichotsereni dzimbiri pa Peugeot 404 ya malemu bambo

Mu June chaka chatha ndinayamba kuviika zitsulo za Peugeot 404 ya malemu bambo anga m'mankhwala ochotsa dzimbiri. Lero tili mu April, dzinja lonse ladutsa pa zitsulozo, ndiye tsopano ndikhoza kunena zomwe zapirira ndi zomwe zandibwerera. Tsiku lotulutsa chitsulo m'mankhwala chili mbee aliyense amasangalala, koma ine ndinafuna ndione kaye mvula ikachinyowetsa.

Galimotoyi ndi pikiapu imene bambo ankanyamulira chimanga ndi fodya. Inakhala zaka zambiri pansi pa mtengo wa mango kumudzi, matayala ataphwa, ndisanaikokere kuno ku Blantyre. Mtundu wa 404 unayamba kupangidwa ku France mu 1960, ndipo ku Kenya anapitiriza kuulumikiza mpaka 1991, n'chifukwa chake zida zina za injini zimapezekabe ukafunsafunsa. Koma mahinji a zitseko, mabulaketi a bampala ndi zitsulo za mapedulo sungazipeze pa shelefu ya shopu. Uyenera kupulumutsa zomwe uli nazo.

Ntchito yambiri inagwiridwa ndi citric acid, ufa woyera ngati shuga, asidi yemweyo amene amawawasitsa mandimu. Ndinadula pakati mgolo wa pulasitiki wa malita 200, n'kumasungunula magalamu 100 a ufawo pa lita iliyonse ya madzi ofunda. Madzi ozizira amagwiranso, koma mochedwa. Chofunika choyamba n'kuchotsa girisi ndi oyilo, chifukwa pamene pali mafuta mankhwala salowa. Ndinkatsuka ndi palafini, kenako sopo, ndisanaviike chilichonse.

Hinji yoyamba sindidzaiiwala. Inalowa ili yofiira, yokakala ngati khungwa la mtengo, yosapinda ngakhale uimenye ndi hamala. Mawa lake madzi anali atasanduka achikasu chobiriwira, hinji itakutidwa ndi utoto wakuda ngati mwaye. Nditapukuta ndi burashi pansi pa mpopi, chitsulo chotuwa chinatuluka, ndipo pambali panaoneka timanambala tomwe anadinda ku fakitale, timene bambo mwina sanationepo n'komwe. Ndinaipinda ndi zala ziwiri, n'kuvomera.

Tsiku lomwelo ndinaphunziranso chinthu chachikulu kuposa zonse. Kunali chiperoni, kamvula kowaza kaja ka June. Ndinatsuka mahinji anayi, n'kuwayanika pa lata m'khonde, ine n'kulowa m'nyumba kukamwa tiyi. Ola lisanathe onse anali atavala dzimbiri latsopano, lopyapyala, la mtundu wa lalanje. Makaniko wina wachikulire amene amandithandiza atawaona anangopukusa mutu. “Achimwene, chitsulo mwachivula malaya,” anatero. “Mukachitulutsa musachisiye, muchiveke tsiku lomwelo.” Kuyambira pamenepo ndinasintha kachitidwe. Ndikatulutsa chitsulo ndimatsuka, n'kuchiviika m'madzi a soda, yemwe uja timaphikira therere, kuti mphamvu ya asidi ithe. Kenako ndimatsukuluza ndi madzi otentha kuti chiume msanga, n'kupemerera ndi kompuresa m'mabowo monse, ndipo primer, penti yoyamba yoteteza chitsulo, amapakidwa dzuwa lisanalowe.

Zitsulo zonse zosaphatikiza zomwe ndinachita motero zili bwino mpaka lero. Mahinji, mapedulo, chotsekera boneti, zakhala m'shedi yopanda khoma mbali imodzi dzinja lonse, koma palibe kadontho kofiira.

Zomwe zandibwerera ndi zitsulo zophatikiza. Mabulaketi a bampala ndi zitsulo ziwiri zosanjikiza zowotcherera ndi timadontho, ndipo pakati pake pali kampata komwe burashi singafike. Kumayambiriro kwa January ndinaona kamzere kofiirira kakutsika kuchokera pa msokowo, ngati msozi. Patapita masabata awiri penti inatupa, ndipo nditaiboola ndi nsonga ya sikuludiraiva munatuluka madzi. Mankhwala analowa m'kampatako koma sanatulukemo onse, ndipo dzimbiri lakale la m'katimo linatsala. Asidi wotsalira ndi chinyezi cha dzinja zinangopitiriza kudya. Ndinachita kuboola timadontho ta kuwotchererato, kulekanitsa zitsulo ziwirizo, kuyeretsa, kupaka, n'kuwotchereranso. Chinthu chilichonse chokhala ndi msoko wotere, tsopano ndimachisiya m'madzi a soda usiku wonse, n'kuchiwamba pa mbaula mpaka nthunzi italeka kutuluka.

Pa shasi ndi pansi pa bodi yonyamulira katundu, zomwe sizingalowe mu mgolo, ndinapaka mankhwala a m'botolo okhala ndi phosphoric acid. Awa amagwira mosiyana: amasandutsa dzimbiri kukhala iron phosphate, khungu lakuda lomwe penti imagwirapo bwino. Pamene ndinayamba ndapala ndi burashi ya waya mpaka kutsala dzimbiri lopyapyala, zotsatira zake n'zabwino ndithu, penti ikadali gwa. Pamene ndinatopa n'kupaka pamwamba pa zikhokho zokhuthala, pafupi ndi pomangira masipuling'i akumbuyo, mankhwala anangodetsa pamwamba, pansi dzimbiri lili moyo. Mu February zikhokhozo zinayamba kusendeka ndi penti yomwe. Penanso ndinathira mankhwala ambiri osapukuta, pouma panatsala ufa woyera, ndipo penti sinamatepo. Vuto silinali la m'botolo. Mankhwalawa amafika pokhapo pomwe anyowetsa, ndipo chikhokho chokhuthala sangachiboole.

Njira yachitatu ndinaiyesa mokayika, koma ndiyo yandikondweretsa kwambiri pa zitsulo zolemera. Ndi molasesi, zotsalira zakuda zija akamapanga shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, zomwe alimi amagula kuti asakanizire chakudya cha ng'ombe. Gawo limodzi la molasesi, magawo 9 a madzi. Ndinaponyamo manifodi ya ekizozi, chitsulo chosonkhanitsa utsi wotuluka mu injini, ndi madiramu a mabuleki, n'kuvundikira. Zinatenga masabata atatu. Pamwamba panachita thovu ndi nguwi, ndipo fungo lake la chinthu chosasa linafika mpaka kukhitchini, moti mayi a kunyumba anandipempha kuti mgolowo ndiusunthire kuseri kwa mpanda. Koma manifodi inatuluka yoyera mpaka m'makona momwe chala sichilowa, yosadyeka paliponse. Ndinaipaka penti yopirira kutentha ndipo mpaka pano ili chimodzimodzi. Ngati simuli pa changu ndipo muli ndi malo otalikirana ndi anzanu, njira iyi ndi yotsika mtengo komanso yofatsa pa chitsulo.

Pali zinthu zomwe siziyenera kulowa m'madzi amenewa. Kabureta ya Solex ndi zogwirira zitseko n'zopangidwa ndi chitsulo chosakaniza ndi zinc, ndipo asidi ngakhale molasesi amazidya. Izi ndinazidziwa ndisanayambe, ndiye sindinaziviike. Chimene sindinaganizire ndi mabawuti ang'onoang'ono. Ndinathira chitini chonse mu citric acid, anatuluka okongola, koma khungu lawo la zinc lomwe linkawateteza linapita limodzi ndi dzimbiri. Amene ndinamangira osapaka kanthu ndiwo anayamba kufiira mvula yoyamba itangogwa mu November. Masipuling'i ndi mabawuti olimba kwambiri, olembedwa 10.9 kapena 12.9 pamutu, musawaviike konse. Asidi akamadya chitsulo amatulutsa mpweya wa hydrogen, womwe umalowa m'chitsulo cholimba n'kuchichititsa kuthyoka mwadzidzidzi chikalemedwa. Mabawuti a chiwongolero ndi a mabuleki ndinagula atsopano, chifukwa m'galimotomu mudzakwera ana anga.

Ena anandilangiza hydrochloric acid kuti ndi wachangu. Ndi wachangu zoona, koma amasiya chloride, mtundu wa mchere, m'timabowo ta chitsulo, dzimbiri n'kubwerera mwamphamvu, ndipo nthunzi yake yokha imachititsa dzimbiri masipanala onse m'garaja. Sindinamugwiritse ntchito.

Muyeneranso kukonzeka mtima pa chinthu chimodzi: mankhwala amachotsa dzimbiri, sabwezera chitsulo chomwe chinadyeka. Hinji imodzi ya chitseko chakumbuyo inkaoneka yonenepa, koma itatuluka inali yoboka-boka ngati sefa. Dzimbiri ndilo linkaigwira. Zinandipweteka, komabe kuli bwino kuti ndinadziwira pa benchi osati pa msewu wa Zalewa katundu ali pamwamba. Diramu imodzi ya mabuleki inatulukanso ndi maenje m'kati, ndipo titayeza tinaona kuti siingakonzedwe.

Magolovesi ndi magalasi otchinga maso ndinkavala nthawi zonse, makamaka pa phosphoric acid, amene amaotcha khungu. Madzi akatha mphamvu ndimathiramo soda mpaka ataleka kuchita thovu, ndipo sinditaya pafupi ndi chitsime kapena ngalande yopita kumtsinje.

Chatsala ndi thanki ya petulo, imene m'kati mwake mumamveka tizidutswa ukaigwedeza. Ili ndi misoko mbali zonse, ndiye sindiikhudza mpaka September, kunja kukatentha ndi kuuma, kuti ndikaitsuka iume tsiku lomwelo.