Amisiri Amene Anatiikira Ngalande za Padenga ku Chimwankhunda

Nyumba yathu ya ku Chimwankhunda ndi ya njerwa zowotcha, ndipo kwa zaka zambiri madzi a pamalata ankangogwera m'tsinde mwa khoma n'kumakumba dothi la m'mbali mwa maziko. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, pamene anzathu a ku Chilobwe anataya abale ndi nyumba m'munsi mwa phiri la Soche, ife tinapulumuka, koma mizere itatu ya njerwa zapansi inamera ndere ndipo pulasitala wa kuchipinda anayamba kuyoyoka. Choncho mu Okutobala, mvula isanagwe, ndinaitana amisiri atatu a ku Ndirande kuti adzaike ngalande za padenga pamodzi ndi mapaipi otsitsira madzi.

Chinandigwira mtima n'chakuti sanathamangire kukwera makwerero. Mkulu wawo anayamba wazungulira nyumba akukanda ndi msomali m'mipata ya pakati pa njerwa, kenako anandiuza kuti: "Mayi, omanga anaumira simenti, muno mwachuluka mchenga. Tikakhoma m'mipatamu, paipi idzazuka ndi mvula yoyamba." Motero zogwirira mapaipi anazimanga pa njerwa yeniyeniyo, poiboola pakati ndi makina, osati m'mphepete momwe imabenthuka, n'kulowetsamo mapulagi apulasitiki ndi masikuluwu osachita dzimbiri. Akapeza njerwa yosapsa bwino, yotuwa ndi yofumbutuka, ankaisiya n'kufuna ina yofiirira, yolira akaigogoda. Mmisiri wina amene ndinamufunsa poyamba ankafuna kungokhoma misomali yakonkire pa theka la mtengo wawo, ndipo nditaona mmene dothi la m'mipatamo linkayoyokera, ndinathokoza kuti sindinamulembe ntchito.

Ngalande zinamangidwa pathabwa la m'mphepete mwa denga, zogwirira zake zitatalikirana masentimita 60 kuti zisapindike zikadzaza madzi mu Januwale. Anakoka chingwe ndi kuyeza ndi levulo kuti ngalande izitsika pafupifupi mamilimita 3 pa mita iliyonse, kutanthauza masentimita pafupifupi 4 pakhoma lathu la mamita 12, kupendekeka kosaoneka ndi maso koma kokwanira kuti madzi asadikhe n'kuswa udzudzu. Popeza ngalandezo ndi za pulasitiki ya PVC, imene imafutukuka ndi kutentha, anasiya kampata m'malo olumikizira. Asanatsike anathiramo ndowa ziwiri za madzi ine ndikuona.

Anaganiziranso komwe madziwo akathere, nkhani imene ambiri amaiiwala. Mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, ndiye denga lathu la masikweya mita 80 limakhuthula malita 1,600 pa mvula ya mamilimita 20 yokha. Paipi imodzi anailowetsa m'thanki, imene imatithandiza kuchapa mipope ikauma, ndipo inayo imathira m'ngalande yasimenti yopita kumsewu, osati kwa aneba athu akumunsi, pakuti kuno kumapiri madzi a wina amagwetsa mpanda wa mnzake.

Zolakwika zinalipo. Analonjeza masiku awiri koma anatenga anayi, ndipo mvula yoyamba ya mu Novembala itagwa, polumikizira papangodya panayamba kudontha. Ndinaimba foni sabata yathunthu asanabwere, ngakhale kuti atafika anakonza osandilipiritsa. Chimene chinandidandaulitsa kwambiri n'chakuti anauona mtengo wamango umene uli kuseri kwa khitchini, koma sananditchulire za waya wotchinga masamba, moti pofika Disembala paipi ya mbali imeneyo inatsekeka ndipo madzi anasefukira pakhoma lomwe lija. Wayayo ndinaikitsa pambuyo pake ndi ndalama ina, ndipo kuchokera nthawi imeneyo njerwa zapansi zauma, pulasitala watsopano wa kuchipinda sanasonyezenso chinyontho.