Kasinja wa Tamiya Panzer II wa 1/35: wakalekale, wotchipa, ndipo amakoma pomudetsa

Ndikumupatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha matcheni ake.

Kwa amene simunazionepo, m'bokosi ili mumakhala tizidutswa ta pulasitiki timene umadula n'kumata wekha mpaka patatuluka kasinja wamng'ono wa Ajeremani wa pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, Panzer II Ausf. F/G. Nambala yake ndi 35009, ndipo kampani ya Tamiya ya ku Shizuoka, ku Japan, inamutulutsa koyamba mu 1971. Mpaka lero akugulitsidwabe, ndipo ali m'gulu la akasinja otsika mtengo kwambiri a kampaniyi. Weniweni ankakwera asilikali atatu, anali ndi mfuti ya mamilimita 20, ndipo kulemera kwake sikunkafika matani 10. Pa sikelo ya 1/35, kutanthauza kuti utali wa weniweni waugawa ka 35, safika n'komwe masentimita 15, amakwana pachikhatho. Wanga anandigulira ndi alamu anga amene amaoda katundu ku Johannesburg, ndipo anadutsa pa Beitbridge ali pakati pa mabulangete, bokosi osaphwanyika ngakhale pakona.

Kumanga kwake n'kosavuta. Tizidutswa ndi tochepa, pepala la malangizo lili ndi zithunzi zomveka, ndipo chilichonse chimalowa pamalo pake popanda kukakamiza. Simufunika zida zodula. Chowengera zikhadabo chimadula bwinobwino tizidutswa pa mafelemu, lezala imapala mizere yotsala, kenako sandipepa wosalala n'kumalizira. Guluu yekha ndiye musaumire: Tamiya Extra Thin, wa chitsekero chobiriwira uja, amayenda yekha mumng'alu mukangokhudzitsa kaburashi, pomwe supagulu wa pamsika amasiya zoyera ndipo sakupatsani mpata wowongola chimene chapendekeka. Loweruka limodzi ndi lokwanira kuti kasinja aime.

Ukalamba wake subisika. Mukatembenuza mupeza mabowo kunsi, otsalira pa nthawi imene akasinja awa ankaikidwa kamota ndi mabatire kuti aziyenda pansi. Ine ndinawatseka ndi zidutswa za khadi yakale ya pulasitiki, ngakhale kunena zoona palibe mlendo amene amanyamula kasinja kuti aone kumimba. Asilikali asanu amene amabwera m'bokosimo nkhope zawo n'zosaoneka bwino poyerekeza ndi amakono. Ndinangopenta mkulu wawo woima pachitseko cha pamwamba, anayi enawo ndinapatsa adzukulu.

Matcheni ndi a labala wofewa, lamba mmodzi mbali iliyonse. Polumikiza umatenthetsa nsonga ya sikuludalaiva pa kandulo n'kusungunula timisomali ta kumapeto kwake. Kandulo ndiye sasowa m'nyumba za kuno, inu mukudziwa chifukwa chake. Vuto ndi lakuti mkati mwa lamba mulibe zojambula zenizeni, ndiponso labalayo amangoti nga, salendewera ngati chitsulo cholemera. Mungathe kumumangirira ku timawilo ta pamwamba ndi ulusi wakuda kuti agone pansi. Muyambenso mwawatsuka ndi sopo wa mbale, apo ayi penti amakanganuka.

Koma chimene ndinagulira kasinja uyu ndi kumudetsa, ndipo apa ndi pamene kutchipa kwake kumathandiza. Chinthu chimene wagula modula umachigwira mwamantha, dzanja likunjenjemera, mapeto ake chimatuluka choyera ngati galimoto ya ukwati. Uyu ayi. Umathira penti ndi fumbi mopanda nkhawa, ukaona kuti wapyola muyezo umapukuta n'kuyambiranso.

Akasinja oyamba a Afrika Korps, gulu la asilikali a Ajeremani limene ankatsogolera Erwin Rommel, anafika ku Tripoli, ku Libya, kumayambiriro kwa 1941 ali ndi penti wotuwa moderako wa ku Ulaya. Wachikasu wa mchenga anadzapakidwa pamwamba pambuyo pake, ndipo mphepo ya m'chipululu ndi nsapato za asilikali zinkamusupula, wotuwa uja n'kumaonekera. Ndinatsata ndondomeko yomweyo: poyamba penti wa Tamiya wotuwa, XF-63 German Grey, thupi lonse, atauma n'kupaka wachikasu, XF-59 Desert Yellow. Ndilibe makina opopera penti, ndinagwiritsa ntchito burashi yophwatalala. Penti wa Tamiya amauma msanga, makamaka kukatentha mu Okutobala, choncho musungunule bwino, mupake mopyapyala, ndipo musabwezenso burashi pamene mwadutsa kale kufikira pataumiratu. Mukabwereza msanga amakoka wapansi n'kupanga zibuluma.

Zosupuka ndinachita ndi kachidutswa ka siponji yotsukira mbale. Umakang'amba ndi zala kuti kasakhale kosalala, n'kukagwira ndi kopanira, kukaviika pang'ono mu penti wotuwa, kenako kukadinda papepala mpaka katatsala pang'ono kuuma. Apo ndiye umakhudzitsa m'mphepete mwa zitseko, pamakona a mutu wozungulira uja, ndi pamene asilikali ankaponda pokwera. Timadontho timene timatuluka n'tosiyanasiyana kukula, moti ukayang'ana pafupi umaona ngati penti wakhadzukadi. Pakati pa chitsulo chophwatalala, pamene palibe chogunda, musaikepo kanthu.

Kenako penti wa mafuta wa akatswiri ojambula, mtundu wabulawuni woderako wotchedwa burnt umber, womusungunula ndi white spirit, mafuta osungunulira penti, mpaka akhale madzimadzi. Ukakhudzitsa nsonga ya burashi pa kabawuti, madziwo amazungulira okha n'kusiya kamthunzi, ndipo mabawuti amene sankaoneka amatulukira onse. Thina wa penti wa galimoto musayese, amadya pulasitiki. Pa mano a matcheni, pa fosholo ndi pa mfuti ndinapaka pensulo yofewa n'kutikita ndi chala, zinayamba kunyezimira ngati chitsulo chogwiragwira.

Pa fumbi ndiye tinakangana ndi malume anga a ku Mufakose, ku Harare, amene anayendetsa malole zaka zambiri. Anandipeza ndikuwaza fumbi paliponse mofanana, iwo n'kuti, "Mphwanga, pita ukaime pa siteshoni ya mabasi ya Mbare Musika uone basi yochokera kumudzi. Fumbi limaunjikana kumbuyo ndi kunsi, pamwamba mphepo imasesa." Ine ndinkati kasinja si basi, amayenda pang'onopang'ono ndipo amamwa fumbi la anzake a kutsogolo. Tinagwirizana pakatikati: lambiri m'mawilo asanu a mbali iliyonse, m'masipuling'i ndi kumbuyo kwa injini, lochepa m'makona a pamwamba. Ndinalipanga popala machoko a pastel pa sandipepa, wachikasu ndi woyera ndi wabulawuni pang'ono, n'kupaka ndi burashi youma. Dothi la katondo limene ladzaza mbali zina za Harare limakopa chifukwa ndi laulere, koma n'lofiira kwambiri ndipo timiyala take pa sikelo iyi timaoneka ngati zigumukire. Ngati mukufuna dothi lenileni poika pansi pa kasinja, tengani mchenga wotuwa womangira nyumba, muusefe ndi kasefa ka tiyi.

Dzimbiri musachulutse. Ambiri amafiiritsa kasinja yense ngati wakhala zaka pa sikirapu, chonsecho m'chipululu mvula ndi yosowa ndipo akasinja amenewa sankakhalitsa pankhondo. Pa ekizozi pokha ndi pamene payenera kupsa n'kufiira.

Masitika a manambala ndi mitanda ndi okhuthalako. Amamatika bwino mukayamba mwapaka vanishi wonyezimira pamalopo. Vanishi womaliza, wosanyezimira uja, mupake tsiku louma, chifukwa nthawi ya dzinja chinyezi chimatha kumuyeretsa n'kuphimba ntchito yonse.

Amene mukufuna kasinja wolondola mpaka bawuti iliyonse, Tamiya yomweyo ili ndi ma Panzer II atsopano okwera mtengo, kagule amenewo. Koma oyamba kumene, kapena bambo wofuna kukhala pathebulo ndi mwana wa zaka 10 kapena kuposerapo, uyu ndi wokwanira, bola lezala ndi kandulo zikhale m'manja mwa wamkulu. Alamu ndawatuma kale wachiwiri, ameneyo ndidzamusiya wotuwa n'kumupaka matope a ku Russia.