Pulogalamu yojambulira nyumba: chaka chatha, dzuwa likadasocherabe

Achimwene ena a ku Turffontein andifunsa ngati angagule laputopu yokhala ndi pulogalamu yojambulira nyumba, ngati yomwe ndinagula chaka chatha pa shopu ina m'tauni muno mu Johannesburg. Ndiyankhire pano kuti ena amve nawo.

Ine ndinagula chifukwa cha nyumba yomwe ndikumanga kwathu ku Mangochi. Makoma umangokoka ndi mausi, miyezo ili m'mamita, chitseko cha 813 mm chomwe tinazolowera kunochi chilimo kale. Chokoma zedi n'choti umalowa m'nyumbamo ngati ukuyenda ndi miyendo, kuchoka pabalaza mpaka kukhitchini. Pulani ya papepala yomwe bilidala anatumiza pa WhatsApp inkaoneka yabwinobwino, koma nditayenda mu kolido yake pa sikirini ndinaona kuti bedi silingakhote kulowa kuchipinda. Tinakulitsa kolidoyo njerwa isanayalidwe ndi imodzi yomwe. Tsiku limenelo ndinkaitamanda kwa aliyense.

Koma dzuwa lake, abale! Pulogalamuyi imaonetsa pomwe mthunzi udzagwere, ndiye imayamba ngati nyumbayo ili ku Ulaya, dzuwa lili kummwera. Ife tili kunsi kwa equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati: Joni madigiri 26, Mangochi pafupifupi 14. Mu Juni dzuwa lathu limadutsira kumpoto, n'chifukwa chake kuno anthu amalimbirana zipinda zoyang'ana kumpoto nthawi yozizira. Kwathu kumapeto kwa Okutobala limafika pamutu penipeni, ndipo lamadzulo limawotcha khoma lakuzambwe mpaka usiku osagona. Khonde ukaliika potsatira mthunzi wabodza, walilemba m'madzi. Umatha kusintha n'kulemba Malawi, zimakhala bwino, koma ukatseka n'kutsegulanso dzuwa labwerera kwawo. Mpaka lero. Khitchini yapanja nayonso saidziwa. Ndinachita kuinamiza kuti ndi galaja.

Tsopano sabata ino yatulutsa uthenga woti ndizilipira mwezi ndi mwezi, m'madola, apo ayi sindisunga chilichonse chatsopano. Pogula, mwini shopu ananena ndi pakamwa pake kuti zonse n'zolipiriratu. Nditabwererako anangoseka, ati iye anandigulitsa laputopu, pulogalamuyo inali basela. Lisiti nalo likungoti laputopu basi.

Ndalama imeneyo bola ndigulire simenti, denga likundidikira. Achimwene, laputopuyo ndi yolimba, gulani, koma muchotsetse mtengo, ndipo za pulogalamuzo akulembereni pa lisiti musanatulutse khobidi.