Vincristine kapena paclitaxel: zimene ndinaona pa miyendo ya achimwene

Chimalizireni achimwene anga mankhwala a khansa, anthu sakundipatsa mpata. Kumsika kuno ku Ulongwe wa ku Mozambique, kutchalitchi, ngakhale pamaliro, wina amandikokera pambali n'kunong'ona kuti, "Achemwali, m'bale wanga nayenso watuluka mawanga akuda aja m'miyendo. Dripi yabwino ndi iti?" Ndaganiza zoyankha onse pamodzi, chifukwa achimwene analandira mitundu yonse iwiri ndipo ine ndi amene ndinkawadikirira.

Matenda ake ndi Kaposi sarcoma, khansa imene imayamba ndi kachilombo kotchedwa HHV-8 ndipo imakula msanga chitetezo cha m'thupi chikatsika. Za ma ARV sindichulutsa mawu, aliyense akudziwa kuti popanda amenewo dripi iliyonse ndi kutungira madzi m'dengu. Koma mawanga akachuluka, miyendo n'kutupa ngati mtondo, ma ARV okha sakwanira. Apa m'pamene mumamva mayina awiri: BV, kutanthauza bleomycin wophatikiza ndi vincristine, kapena paclitaxel.

Vincristine ndi paclitaxel onse amalimbana ndi chinthu chimodzi cha m'maselo chotchedwa tubulin. Selo ikafuna kugawikana pawiri imamanga timitengo tating'onoting'ono ta tubulin, timene timakokera mbali imodzi uku, ina uko, ndipo ntchito ikatha timitengoto timaphwasulidwa. Vincristine amaletsa kumanga. Paclitaxel amalola kumanga koma amaletsa kuphwasula, zonse zimangouma gwa. Njira zonse ziwiri selo ya khansa imakanika kugawikana n'kufa. Vincristine amachokera ku duwa lija la maluwa apinki kapena oyera limene limamera pakhomo paliponse, kwawo kwenikweni ndi ku Madagascar, ndipo anavomerezedwa ku America mu 1963. Chonde musakawiritse masamba ake. Muli kamankhwala kochepetsetsa kosakanikirana ndi poizoni wina, ndipo vincristine sagwira ntchito pomwa. Paclitaxel anapezeka m'khungwa la mtengo wa yew wa ku America, ndipo anayamba kuperekedwa mu 1992.

Tsono timitengo tomweto tilinso m'mitsempha imene imatipangitsa kumva kutentha, kuzizira ndi minga. Mmenemo timakhala ngati njanji ija yochoka ku Moatize kupita ku Nacala: katundu amayenda pamenepo kuchoka kumsana mpaka kuchala chakuphazi. Njanji ikawonongeka, malo akutali ndi amene amayamba kusowa katundu. N'chifukwa chake dzanzi limayambira kuzala.

Apa ndi pamene pali chilonda changa. Achimwene ndi telala. Moyo wawo wonse uli pa phazi lopalasa makina ndi zala zolowetsa ulusi m'singano. Anayamba ndi BV chifukwa ndi amene analipo. Dripi ziwiri zoyamba zinayenda bwino moti tinkayamika, tsitsi silinathothoke, kusanza kunali kochepa, mawanga ena anayamba kuphwa. Itadutsa yachitatu anayamba kunena kuti kuphazi kukumveka ngati aponda nyerere. Kenako patapata ankavuka m'njira iwo osazindikira. Tsiku lina ndinawapeza atakhala pa makina, ulusi uli m'manja, akuyesa kulowetsa m'singano mwina kakhumi, misozi ili m'maso. Munthu amene anatilera tonse ndi singano imeneyo.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti kuchipatala komwe tinkapita palibe anatichenjeza, ndipo palibe anawafunsa za dzanzi. Ankayeza magazi, ankayang'ana mawanga, n'kuika dripi. Achimwene nawonso anabisa. Ankaopa kuti akanena, awaimitsa mankhwala khansa n'kubwerera. "Mlongo wanga, usawauze, ndipirira," anatero, ndipo ine ndinamvera. Ndinadzamva mochedwa kuti dzanzi lotere ndi chizindikiro choti dokotala achepetse mlingo kapena asinthe mankhwala, ndipo likanenedwa msanga nthawi zambiri limachepa. Ife tinafika poti phazi lamanja linayamba kukwekwereza pansi. Panthawi yomweyo ankamwanso isoniazid woteteza TB, amene nayenso amabweretsa dzanzi, ndipo palibe anaziika pamodzi ziwirizi.

Kudzimbidwa nakonso musakupeputse. Vincristine amafooketsa matumbo, achimwene anatha masiku asanu osapita kuchimbudzi, mimba itauma gwa. Bleomycin yekha vuto lake ndi mapapo, ndipo pali mlingo umene munthu sayenera kupitirira pa moyo wake wonse.

Patapita miyezi, mawanga anabwerera, ena mpaka m'kamwa. Dokotala wina, amene ndimamupempherera mpaka pano, anawavula nsapato, anawagwira zala chimodzichimodzi, n'kunena kuti vincristine basi. Anawasamutsira ku paclitaxel.

Sindinama kuti paclitaxel ndi wofatsa. Tsitsi lonse linapita, ndi nsidze zomwe, moti ana a m'mudzi ankawathawa. Masiku awiri kapena atatu pambuyo pa dripi mafupa ankaphwanya ngati malungo. Amatsitsa kwambiri maselo oyera a m'magazi, ndiye thupi likangotentha simudikira kuti kuche, mumathamangira kuchipatala usiku womwewo. Asanaike dripi amayamba apereka dexamethasone ndi mankhwala ena, chifukwa mafuta amene amasungunulira paclitaxel amatha kumubanikitsa munthu mwadzidzidzi. Ndipo nayenso amabweretsa dzanzi, pajatu akugwira tubulin yemweyo. Kusiyana kwake kunali kwakuti ulendo uno ankafunsidwa za zala nthawi iliyonse, ndipo ine ndinali nditasiya kubisa.

Koma ntchito anagwira. Pofika dripi yachitatu kutupa kunatsika moti anavalanso nsapato zawo za ku tchalitchi, mawanga a m'kamwa anauma, anayambanso kudya nsima yolimba.

Si maso anga okha. Panachitika kafukufuku wamkulu ku Malawi, Kenya, Uganda, Zimbabwe, South Africa ndi Brazil, wa anthu 334 odwala Kaposi yofalikira, onse ali pa ma ARV, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2020. Patatha masabata 48, mwa anthu 100 alionse olandira paclitaxel, 64 anali moyo matenda asanakulenso, pamene kwa olandira BV anali 44. Mapiritsi a etoposide, amene ambiri akanawakonda chifukwa omwera kunyumba, anatsalira kutali kwambiri. Oyang'anira kafukufukuyo anaimitsa BV nthawi isanakwane ataona kusiyanaku. Ena mwa odwalawo anali anansi athu a kutsidya kwa malire, odya nsima ngati ife, osati anthu a kutali.

Za ndalama, mankhwala enieniwo sitinagule. Chimene chinatidya ndi chapa (minibasi) ya anthu awiri milungu itatu iliyonse, malo ogona, ndi maulendo aja ofika n'kuuzidwa kuti magazi atsika kapena mankhwala sanabwere, mubwere sabata ya mawa. Pamenepa BV ndi paclitaxel n'chimodzimodzi, kaya mwatsikira ku Tete kaya mwadutsa malire pa Calomue kulowera ku Lilongwe. Ife tinagulitsa mbatatesi ya chaka chonse isanakhwime bwino.

Ndiye mukandifunsa, yankho langa ndi paclitaxel, ndipo ndikuvomera kuti mkwiyo wanga pa vincristine uli momwemo. Ndikudziwa kuti vincristine yemweyo wapulumutsa ana ambiri odwala khansa ya m'magazi ndi Burkitt lymphoma, ndipo ngati BV ndi yekhayo alipo, landirani, musabwerere kunyumba chimanjamanja. Wolemba mankhwala ndi dokotala, koma inu muli ndi pakamwa: funsani ngati paclitaxel alipo, tchulani mankhwala onse amene wodwala akumwa, ndipo tsiku limene zala zayamba kuchita nyerere, kanene tsiku la dripi lisanafike.

Achimwene anabwerera pa makina. Phazi lamanja silinachire lonse, anaphunzira kupalasa ndi lamanzere. Singano amawalowetsera mwana wawo wamkazi m'mawa asanapite kusukulu, zisanu nthawi imodzi, n'kuzibaya pa kansalu pafupi ndi lumo.